Ogula zakutha afika pakhomo: tigulitse ziti, tikane ziti?



Kuno ku Kasungu masiku ano sabata sitha osamva mnyamata wa panjinga akukuwa m'mudzi kuti akugula zitsulo zakutha, mapoto obooka ndi mabatire akufa. Kumbuyo kwa njinga wamanga thumba, m'manja muli kasikelo kolendewera. Kale anthu otere tinkangowaona tikapita m'tauni. Lero alowerera mpaka m'midzi ya fodya. Akatolera amakatula kwa bwana wawo pamsika, bwanayo akadzaza lole amapita nazo ku Lilongwe kapena ku Blantyre, komwe zina amazisungunula n'kupanganso katundu wina. Achibale athu a ku Nkhotakota akutiuza kuti m'madoko namonso afika. Malonda amenewa akukula tikuona, ndipo sabwerera m'mbuyo. Ndiye tati tikambirane, chifukwa walira mvula walira matope.

Tiyambe ndi kunena poyera kuti ntchito imeneyi ndi ya halali, ndipo wochita asanyozedwe. Tamvapo akuluakulu ena pamzikiti akuseka mnyamata wotolera mabotolo kuti wasanduka wamisala. Ayi ndithu. Mnyamatayo akufunafuna riziki ndi thukuta lake, sakuba, sakupempha. Tinaphunzira kumadrasa tili ana kuti kuchotsa chinthu chopweteka panjira ndi sadaka. Khasu lotha logona m'udzu limatema mwana phazi, botolo losiyidwa kuseri kwa nyumba limasunga madzi oswera udzudzu, jumbo ikamezedwa ndi mbuzi imaipha pang'onopang'ono mwini wake osadziwa chavuta n'chiyani. Wochotsa zimenezi, n'kutipatsanso kangachepe kogulira mchere, watithandiza kawiri.

Alimi a fodyafe tili ndi chifukwa chathu chapadera. Amene anagulitsapo pamsika wa Chinkhoma akudziwa kuti belo likapezeka ndi kachidutswa ka pulasitiki kapena ulusi wa thumba la feteleza, ogula amalibweza. Munthu walima chaka chonse, wachezera m'chigafa, walipira thiransipoti, kenako belo n'kubwerera chifukwa cha kajumbo kamodzi kouluka ndi mphepo. Choncho pakhomo popanda mapulasitiki ndi ndalama kwa mlimi. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, makampani opanga anathamangira kukhoti, ndipo khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti lamulolo ligwire ntchito. Koma pitani pamsika uliwonse mukaone, majumbo ali mbwee m'ngalande. Lamulo palokha silitola kanthu pansi. Amatola ndi anthu.

Mwina mukufunsa kuti za ku Kasungu zikukhudzani bwanji inu asodzi. Madzi saiwala khwawa. Mtsinje wa Dwangwa umayambira kuno kunkhalango ya Kasungu n'kukathira m'nyanja kwanuko. Bua nayenso amalandira madzi a m'madambo athu, n'kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka kunyanja, ndipo ndi mumtsinje umenewu momwe mpasa amakwera kudzaswana. Chimene tataya m'dambo mwezi wa Novembala, mvula ya Januwale imakubweretserani. Ife tikadya usipa wanu, chija tinataya chatibwerera m'mbale. Nkhaniyi ndi imodzi, ya kumunda ndi ya kunyanja.

Tsono m'malonda amenewa muli zinthu zitatu zimene ife tikuti Msilamu asazikhudze, ngakhale mtengo utakoma bwanji.

Choyamba ndi zigubu ndi mabotolo a mankhwala ophera tizilombo. Fodya amadya mankhwala kuyambira kunazale mpaka kumunda, ndiye mabotolo otha ndi ambiri kuno. Ena amawatsuka ndi sopo n'kumasungiramo mchere, mafuta ophikira, ngakhale madzi akumwa a kumunda. Ena amawagulitsa pamodzi ndi mabotolo a zakumwa, ndipo mawa mudzapeza momwemo muli thobwa pamsika. Tinaonapo ndi maso athu mkulu wina akuchita wudhu ndi madzi a m'kachigubu ka mankhwala a fodya, chizindikiro cha chigaza chija chikuoneka bwinobwino. Eti munthu akudziyeretsa kuti aime pamaso pa Allah, madzi ake akutsukira mkamwa ali m'chigubu cha poizoni. Pulasitiki imamwa mankhwala, sopo sawachotsa onse. Alangizi amatiphunzitsa kuti botolo likatha tithiremo madzi katatu, tikhutchumule, madziwo tiwathire mumpope momwemo kuti akathere kumunda, kenako botololo tiliboole pansi kuti wina asaligwiritsenso ntchito. Osalitsukira kumtsinje kapena pamjigo, osaliwotcha pakhomo. Ndipo maganizo athu ndi akuti kampani imene yatipatsa mankhwala pa ngongole ya kontirakiti, kapena sitolo imene yatigulitsa, ilandirenso mabotolo ake. Pali bungwe la boma loona za mankhwalawa, la Pesticides Control Board, lomwe lili ku Bvumbwe. Makalabu a alimi asamachite manyazi kufunsa alangizi kuti mabotolo oboolawa tikawatule kuti.

Chachiwiri ndi kuswa mabatire. Masiku ano nyumba zambiri zili ndi sola, ndipo inu asodzi mumawalitsira usipa ndi nyali za batire. Batire silikhalitsa, pakapita zaka zochepa lafa. Mkati mwake muli asidi ndi mtovu, ndipo mtovuwo ndi umene ogula amaufuna. Ndiye ena amaliswa ndi nkhwangwa pabwalo, asidi n'kukhuthulira pansi pomwe ana amasewera, mtovu n'kuusungunula pa mbaula kuti aumbe zolemetsa maukonde kapena agulitse pa kilo. Abale, mverani zimene zinachitikira Asilamu anzathu ku Senegal. Ku Thiaroye-sur-Mer, dera la asodzi pafupi ndi mzinda wa Dakar, anthu ankaswa mabatire kwa zaka zambiri, mtovu wina n'kumapangira zolemetsa maukonde. Dothi la m'makomo linadzaza mtovu. Atabwera ogula, amayi anayamba kusefa dothilo kunyumba, makanda ali pambali. Kuyambira kumapeto kwa 2007 mpaka kumayambiriro kwa 2008, ana 18 anamwalira, ndipo akatswiri a bungwe la WHO atafufuza anapeza kuti chinawapha ndi mtovu. Pafupi pompano ku Kabwe m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akudwalabe ndi fumbi lake. Mtovu suwola. Ukalowa m'thupi la mwana umawononga ubongo, mwana n'kumalephera kugwira za kusukulu ndi za kumadrasa, makolo n'kumati ndi ulesi kapena walodzedwa. Batire lakufa ligulitsidwe lathunthu, losatsegula, losakhuthula. Podikira wogula likhale pamthunzi, patali ndi ana ndi chakudya. Maukonde tilemetse ndi miyala monga ankachitira makolo.

Chachitatu ndi chitsulo chosadziwika kumene chachokera. Chaka china tinadzuka kupita ku swala ya m'bandakucha n'kupeza mjigo wa pafupi ndi mzikiti wathu alibe chogwirira, mapaipi ena atazulidwa. Amayi anayenda mtunda wautali kukatunga padambo kwa milungu ingapo, ana anatsegula m'mimba, mpaka tinasonkha ndalama zokonzetsera. Wakubayo anapezapo zingati? Mwina za botolo limodzi la kachasu. Mudzi wonse unalipira kuchulukitsa kambirimbiri. Zomwezi zimachitikira mawaya a magetsi, zikwangwani za pamsewu, zitsulo za pamlatho, ngakhale zitseko za mabalani a fodya. Wakuba sakanazula mjigo pakanakhala palibe womugula. Choncho mwana wathu amene walowa malonda amenewa adziwe kuti kugula chinthu ukudziwa kuti n'chobedwa ndi haramu, ndipo kunena kuti sindinafunse sikumuyeretsa. Chitsulo cha mjigo chimadziwika, waya wa mkuwa wosenda kumene amadziwika. Akabwera nacho munthu usiku, mukaneni, ndipo a mfumu amve.

Tikudziwa zimene ena anene. Adzati a Shehe mukulankhula chifukwa muli ndi ndowa, ife chigubu chatsopano tichigula ndi chiyani? Adzati batire loswa limalipira bwino kuposa lathunthu, nanga ana adye malangizo? Mawu amenewa si achipongwe, umphawi ndi weniweni ndipo tonse tikuumva. Koma tiyeni tiwerengere bwino. Ulendo umodzi wa kuchipatala cha boma, kabaza, matola, masiku osapita kumunda kapena kunyanja, zimaposa mtengo wa ndowa. Ndipo ubongo wa mwana ukawonongeka palibe sitolo yogulitsa wina. Phindu limene latsala m'manja mwa bambo koma mtengo wake n'kulipira mwana, limenelo si phindu.

Palinso nkhani ya sikelo. Alimi a kuno tinapsa kale ndi masikelo a mavenda ogula soya ndi mtedza, ndipo kasikelo ka zitsulo nako n'chimodzimodzi. M'Qur'an yolemekezeka muli sura yathunthu, Al-Mutaffifin, yochenjeza anthu opungula muyeso. Chenjezo limeneli likukhudza mbali zonse ziwiri. Wogula asafinye sikelo, wogulitsa naye asathire mchenga m'paipi kapena madzi m'mabotolo kuti zilemere. Taonapo zonse ziwiri, ndipo onse amakhala pa mzere umodzi tsiku la Ijumaa.

Nanga tichite chiyani? Ife tikupempha mzikiti uliwonse, kapena komiti ya padoko, upatule kamalo kotchinga ndi mpanda kosungirako zakutha. Zitsulo pazokha, mapulasitiki olimba pawokha, maukonde ong'ambika pawokha m'malo mowasiya m'madzi momwe amapitiriza kukola nsomba zosadyedwa ndi munthu. Pasankhidwe anthu awiri okhulupirika, bambo ndi mayi, olemba m'kabuku chimene banja lililonse labweretsa. Wogula aitanidwe kamodzi pamwezi, katundu atachuluka, ndipo ayezere pa sikelo ya komiti anthu akuona. Wogula amene wapeza lole yodzaza pamalo amodzi amamvera mtengo, pamene mayi wa kapoto kamodzi amangolandira chimene wapatsidwa. Banja litenge gawo lake, kagawo kochepa katsale kokonzetsera mjigo kapena kugulira choko cha kumadrasa. Ndipo ana asajombe kusukulu chifukwa chosaka zitsulo m'dzala. Akaweruka atha kuthandiza kutola mabotolo a zakumwa, koma mabatire ndi zigubu za mankhwala ndi za akuluakulu okha.

Nthaka ya Kasungu ndi madzi a m'nyanja sitinazilenge ndife, tinangosungitsidwa, ndipo tidzafunsidwa mmene tinazisungira. Mnyamata wa panjinga uja akadzafikanso pakhomo, mulonjereni bwino, mumpatse madzi akumwa, mumgulitse khasu lakutha ndi poto wobooka. Batire mumpatse lotseka. Chigubu cha mankhwala chikhale chitabooledwa kale. Ife a kumtunda tikulonjeza kuyamba ndi madambo athu mvula isanagwe, Insha Allah, kuti Bua ndi Dwangwa akufikireni ndi madzi okha. Inunso mutisungire gombe.