Udokotala suphunzirika pafoni pokha

Pa 23 March 2020 sukulu zonse m'dziko muno zidatsekedwa poopa mliri wa Covid-19. Ophunzira zaudokotala ndi unamwino nawonso adalongedza katundu n'kubwerera kwawo.

Ku College of Medicine mumzinda wa Blantyre, yomwe mu 2021 idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, aphunzitsi adayamba kuphunzitsa pa intaneti. Zina zidayenda bwino, poti phunziro lojambulidwa munthu amalibwereza mpaka litamveka. Koma wophunzira wa ku Muloza kapena ku Nkando m'boma la Mulanje amafunika foni yamakono, magetsi otchajira ndi ndalama za bandulo. Kwa banja lodalira kuthyola tiyi kapena kugulitsa nanazi, umenewu udali mtolo wolemera.

Chachikulu chomwe mliriwu udaonetsa n'chakuti foni siphunzitsa manja. Kupeza mtsempha pamkono wa mwana amene watha madzi m'thupi, kumvetsera chifuwa cha agogo obanika, kupapasa mimba ya mayi woyembekezera pofuna kudziwa momwe mwana wagonera, zonsezi zimaphunziridwa pambali pa wodwala, katswiri akuyang'anira.

Apa mabanja a ku Mulanje ali ndi gawo lawo. M'bomali muli sukulu ya anamwino ndi azamba ya Mulanje Mission, ndipo si zachilendo kupeza ophunzira m'mawodi. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa amene akumugwira ndiponso wopempha kuti wamkulu akhalepo, koma kukaniratu wophunzira n'kudzitchera msampha. Wokanidwa leroyo ndi yemwe adzabeleketse mwana wa m'banja lomwelo mawa.

Boma ndi bungwe la CHAM, lomwe limagwirizanitsa zipatala ndi sukulu zaumoyo za mipingo, nawo asaiwale msanga. Bungwe la WHO lidalengeza mu May 2023 kuti Covid-19 sikulinso ngozi yadzidzidzi padziko lonse, koma kolera wa 2022 ndi 2023 komanso namondwe Freddy, yemwe adasakaza Mulanje mu March 2023, adakumbutsa kuti mavuto sagogoda.

Sukuluzi zikhale ndi zovala zodzitetezera zokwanira, zidole zophunzirira kubaya ndi kubeleketsa, komanso intaneti yotsika mtengo. Mliri wina ukadza, ophunzira adzatetezedwe ali m'wodi momwemo, osati kuwatumiza kumudzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo nthawi yokonzekera ndi ino.