KODI NDI BANDA UTI?

Anzanga ndi aphunzitsi athu, ndiloleni ndidandaule pang'ono m'magazini athu ano za chinthu chimene chinagwa pakhomo pathu pa tchuthi chapitachi. Ine mfunda wanga ndi Banda. Azakhali anga, mlongo wao wa bambo, ndi namwino pa chipatala china chaching'ono cha kumudzi, ndipo agwirapo nchito zaka 14. Dzina lao loyamba sindilitchula, pakuti ndikalitchula ndiye kuti ndatchula amayi mazanamazana m'dziko muno, ndipo nkhani yanga yagona pomwepo.

Tsiku lina panayamba kuyenda uthenga pa mafoni wonena kuti namwino wakutiwakuti Banda wagwidwa akugulitsa mankhwala a Boma, ndipo amuchotsa nchito. Uthengawo unalibe chithunzi, sunatchule chipatala kapena dera. Unali ndi maina awiri okha, ndipo maina awiriwo anali a azakhali ndendende. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika pa mjigo. M'mawa mwake amayi obwera ndi ana ku sikelo ankangonong'onezana, ena maso ali pa chikwama cha azakhali. Mayi wina woyembekezera analolera kulipira kabaza kupita ku chipatala chakutali. Chowawa koposa, amayi a banki mkhonde, amene azakhali anawasungira ndalama zaka zitatu osasowa ngakhale tambala imodzi, anatuma anzao awiri kudzatenga buku ndi bokosi. Anati, "Amayi, musatiganizire molakwa, tingofuna kuti mupumeko." Azakhali anapereka osanena kanthu, koma usiku umenewo nsima sanaikhudze.

Chimene chinawapulumutsa ndi nambala. Namwino aliyense wovomerezeka m'dziko muno amalembedwa m'kaundula wa bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo ali ndi nambala yakeyake. Mkulu wa pachipatalapo anatenga nambala ya azakhali nafufuza kwa akuluakulu, ndipo kunapezeka kuti wogwidwayo anali munthu wina, wa nambala ina, wa chigawo china, amene azakhali sanamuonepo chibadwire. Tsono bodza linayenda tsiku limodzi, koma choona chinatenga masabata, ndipo sichinafike m'nyumba zonse zimene bodza linalowa.

Kodi zoterezi zimachitika bwanji? Tonse tidziwa kuti Banda ndi Phiri si maina a banja limodzi, koma ndi mifunda ya anthu ambirimbiri a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Makolo athu sizinkawavuta, pakuti pamudzi munthu ankadziwika ndi amake, amalume ake ndi munda umene ankalima. Ukati "a Banda", aliyense ankadziwa amene ukunena. Vuto linadza ndi pepala. Mlembi wa sukulu ndi wa msonkho ankafuna maina awiri, ndipo ambiri anapereka dzina la ubatizo ndi mfunda. Nanga maina a ubatizowo ndi angati? Yohane, Yakobo, Mariya ndi ena owerengeka. Pepala likachoka pamudzi nkupita ku Lilongwe, amake ndi amalume a munthuyo amatsala kumudzi.

Taonani ngakhale atsogoleri. Dr. Hastings Kamuzu Banda analamula dziko lino kuyambira 1964 mpaka 1994. Ku Zambia a Rupiah Banda anali Pulezidenti kuyambira 2008 mpaka 2011. Kuno a Joyce Banda analamula kuyambira 2012 mpaka 2014, ndipo iwo dzinali ndi la amuna ao, a Richard Banda, amene anakhalapo mkulu wa oweruza milandu. Nyuzi zakunja zinkachita kuonjezera mau onena kuti mayiwa sanali wachibale wa Kamuzu. Atsogoleri ali ndi mwai umenewo, woti wina awalembere mau owasiyanitsa. Namwino wa kumudzi alibe.

Musaganize kuti vutoli ndi lathu lokha. Ku America kuli makampani amene nchito yao ndi kusonkhanitsa mbiri za anthu ndi kuzigulitsa kwa olemba nchito, eni nyumba ndi obwereketsa ndalama. M'chaka cha 2011 bambo wina ku California anapita kukagula galimoto, koma ogulitsa anamukaniza, ati dzina lake likufanana ndi la pa mndandanda wa Boma wa zigawenga ndi ozembetsa mankhwala ozunguza bongo. Kampani ya TransUnion, imene inapereka mbiriyo, inkangoyerekeza dzina loyamba ndi lomaliza, osayang'ana tsiku lobadwa. Mlandu utafika ku khoti lalikulu la dzikolo mu 2021, anthu oikidwa chizindikiro chotere amene anali mu mlanduwo anali 8,185. Ndiponso mu 2004 Edward Kennedy, amene anali m'nyumba ya malamulo ya Senate kuyambira 1962, anaimitsidwa kangapo pa mabwalo a ndege chifukwa pa mndandanda wa okayikiridwa panali dzina lakuti "T. Kennedy". Nkhope yake inali yodziwika dziko lonselo, komabe panapita masabata kuti zikonzedwe. Tsono ngati munthu wotero anavutika, nanga azakhali anga?

Nditafotokoza nkhaniyi ku hositelo, mnzanga wina anati, "Iwe, bwanji maina a olakwa asamalengezedwe nkomwe? Pamenepo osalakwa sadzapwetekedwa." Mau ake ndi achifundo, koma ine sindigwirizana naye ngakhale pang'ono. Wodwala amapereka thupi lake kwa munthu amene samudziwa. Mayi wamasiye amapereka mapepala a nyumba yake kwa loya. Makolo athu amatipereka ife kwa aphunzitsi miyezi isanu ndi inayi pachaka. Anthu amenewa ayenera kudziwa ngati munthuyo anaphunziradi nchito yake, ndiponso ngati sanachotsedwepo chifukwa cha kuba kapena nkhanza. Nchifukwa chake ku Britain anakhazikitsa kaundula wa madotolo ndi lamulo la 1858, kuti anthu athe kusiyanitsa dotolo weniweni ndi wonamizira. Lero munthu aliyense angathe kumuona kaundulayo pa intaneti, ndipo dotolo aliyense ali ndi nambala yake ya manambala asanu ndi awiri. Kwathu kuno lamulo la 1987 linakhazikitsa bungwe la Medical Council of Malawi, limene limalemba madotolo ndi ena ogwira nchito zachipatala. Kaundula wotere ndi chitetezo cha wosauka, amene alibe wachibale mu ofesi woti amufunse.

Komanso mnzangayo waiwala mbali ina. Dzina lofanana silipweteka wosalakwa yekha, limabisanso wolakwa. Namwino uja anagwidwa ndi mankhwala angathe kupita ku chigawo china kukapempha nchito, ndipo wolemba nchito waulesi akafunsa za dzinalo, amva mbiri yabwino ya azakhali anga nkumulemba. Pamenepo wakuba wavala malaya a munthu wokhulupirika. Chimodzimodzi munthu amene sanakhoze mayeso angathe kutenga satifiketi ya mnzake wa dzina lomwelo nkudyera mpaka ukalamba. Kubisa maina kungathandize anthu oterewa, osati azakhali.

Chotero ine ndikuti maina alengezedwe ndithu, koma dzina lisamayende lokha. Ofesi kapena nyuzi imene ikulengeza kuti dotolo, namwino, loya kapena mphunzitsi walangidwa, ilembe pamodzi nambala yake ya m'kaundula ndi malo amene ankagwira nchito. Wolemba anthu nchito afunse nambala, asakhutire ndi dzina. Zimenezi sizovuta masiku ano. M'chaka cha 2017 Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita mtsogolo analembetsa ziphaso za unzika, ndipo chiphaso chirichonse chiri ndi nambala yosafanana ndi ina. Sindikunena kuti nambala ya chiphaso imatidwe pa mitengo ai, pakuti akuba a pa foni angaigwiritse nchito. Imeneyo ikhale ya mu ofesi. Koma nambala ya nchito ndi ya poyera, monga nambala ya galimoto.

Ndipo ife ophunzira tisadziyeretse. Uthenga uja sunayende wokha. Anautumiza ndi anthu odziwa kuwerenga, ena a iwo a msinkhu wathu, ndipo mmodzi ndi msuweni wanga weniweni, amene ankaganiza kuti akuchenjeza abale. Akulu amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, koma mau amenewo anenera nsomba za mu dengu limodzi. Azakhali ndi namwino winayo sanakhalepo mu dengu limodzi. Funso laling'ono lakuti "Kodi ndi Banda uti?" likadatha nkhani yonse pa mjigo pomwepo.

Pomwe pano pasukulu, a MANEB amatipatsa aliyense nambala ya mayeso, podziwa kuti dzina lokha lingasokoneze. Nanga bwanji pa bolodi la zidziwitso maina a ochedwa kulipira fizi ndi a olandira chilango amalembedwa okhaokha, opanda kalasi? Teremu yatha ine ndinatchetcha udzu kuseri kwa laibulale masana onse chifukwa cha phokoso limene linachitika m'kalasi imene sindinalowemo. Sindikusunga chakukhosi, udzuwo unali utakuladi, koma ndikupempha a Hedimasitala ndi mapulifeketi kuti aziika kalasi pambali pa dzina.

Azakhali abwerera ku nchito yao monga kale, ndipo tsopano nambala yao anailemba pansi pa dzina pa kabaji ka pachifuwa. Amayi a banki mkhonde anabwera kudzapepesa atanyamula nkhuku. Nkhukuyo tinadya, koma bokosi azakhali anakana kulilandiranso.

Akonzi, posindikiza nkhaniyi musaiwale kulemba kalasi yanga m'munsimu, pakuti a dzina langa tiripo atatu pasukulu pano, ndipo awiri enawo sanalembe kanthu koti a Hedimasitala awaitanire.

Banda wa Folomu 3B