Ndikudikirabe Khiama Boys, ndipo sindipepesa

M'chipinda chochezera kwathu ku Zengeza 1 muli shelefu imene amayi salola mdzukulu aliyense kuikhudza. Pashelefupo pali Buku Lopatulika, chithunzi cha agogo anga aamuna atavala jekete yobwereka, ndi makaseti asanu ndi imodzi a Khiama Boys. Wailesi yoimbira makasetiwo inafa kalekale. Bambo ankati aikonzetsa tsiku limene anyamata aja adzabwererane, kuti tidzakonzekere bwino konsati. Anadikira zaka zoposa makumi awiri mpaka tinakawaika m'manda wailesiyo isanakonzedwe. Kudikirako anandisiyira ine, pamodzi ndi ngongole ya madzi.

Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi kuyunivesite atamva nkhaniyi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati: "Iwe, madigiri awiri onsewa, ukudikira nyimbo za kumapulazi?" Msuweni wanga wa ku Lilongwe nditamutumizira nyimbo imodzi pafoni anayankha kuti Chichewa chake n'chothyoka, chongoseketsa. Wachitatu, munthu wodziwa za malonda a nyimbo, anandiuza kuti magulu akale akamabwererana ndiye kuti m'thumba mwauma basi. Atatu onsewa ndimawakonda, koma onse akulakwa, ndipo kulakwa kwawo kuli ndi mtengo umene akulipira ndi anthu ngati amayi anga.

Kwa amene simulidziwa gululi: Khiama Boys inayamba mu 1984, mtsogoleri wake ali a Nicholas Zakaria, mwana wa banja lochokera ku Malawi amene anabadwira ku Mazowe mu 1956. Anthu anawapatsa dzina loti Senior Lecturer chifukwa cha oimba amene anadutsa m'manja mwawo. System Tazvida anaimba m'gululi asanakayambitse Chazezesa Challengers. A Alick Macheso, obadwa mu 1968 ku Shamva kwa bambo Achimalawi, anakhwimira momwemo pa gitala ya besi. Mu 1997 gulu linagawanika. A Macheso anakayambitsa Orchestra Mberikwazvo, natulutsa chimbale cha Magariro mu 1998, ndipo pofika 2000, ndi chimbale cha Simbaradzo, panalibe kombi ya pa Seke Road imene inkayenda popanda mawu awo. Dzina la Khiama Boys silinafe, a Zakaria anapitiriza nalo. Chinatha ndi gulu lija la pamakaseti a bambo.

Ndiyambe ndi mnzanga wa kumapulazi uja, poti iye ananena zoona osadziwa. Inde, ndi nyimbo za kumapulazi, kapena kumafamu monga amanenera kumudzi. Agogo anga anachoka ku Dedza m'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Anabwera ngati anzawo ambirimbiri amene anatengedwa ndi Mthandizi kapena anayenda pansi, kudzalima fodya ndi kukumba migodi ya azungu. Kumudzi anawatcha matchona chifukwa sanabwerere. Kuno anawatcha Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, ngakhale Blantyre sanaiwonepo. Ana awo anabadwira m'makomponi, opanda munda, opanda mfumu, opanda kumudzi koti n'kupitako pa Khirisimasi. Pamene minda ya azungu inayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri a m'mafamu anataya ntchito ndi pogona nthawi imodzi. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira muno anauzidwa kuti akane unzika wa dziko limene ena sanapondemo n'komwe, ndipo ziphaso za ambiri zinali ndi chilembo chosonyeza kuti ndi alendo.

Tsono taganizani mwana wa kukomponi yotereyi, amene kusukulu anaphunzira kubisa chilankhulo cha amayi ake, akumva Chichewa chikutuluka m'masipika a pa Chikwanha, anthu onse akuvina, Ashona ndi Andebele omwe. Ine ndinali ndi zaka khumi pamene Mundikumbuke ya a Macheso inagwira dziko. Anzanga omwe aja ankanditonza kuti ndine mwana wa zinyau anayamba kundifunsa tanthauzo la mawu. Ntchito yanga yomasulira inayambira pamenepo, pampanda wa sukulu, malipiro ake ali maputi. Palibe nduna, palibe pulofesa amene anachitira Chichewa cha ku Zimbabwe zimene magitala amenewa anachita. Ndipo njira imene Mundikumbuke inadutsa inali italambulidwa kale ndi Khiama Boys, amene ankaika nyimbo za Chichewa pakati pa za Chishona popanda kupempha chilolezo kwa munthu.

Amene amati sungura ndi nyimbo yopanda luso sanaimvetsere. Mawu oti sungura m'Chiswahili ndi kalulu, ndipo mayimbidwewa ali ndi mizu ku East Africa ndi ku Congo. Koma kalulu ameneyu atafika kuno anaphunzira kuthamanga mwa njira yakeyake. Besi, imene m'magulu ambiri imangokhala kumbuyo kusunga nthawi, kuno imatsogola ndi kulankhula. Magitala awiri enawo amalukana ngati nsungwi za lichero. Nyimbo imodzi imatha kupitirira mphindi khumi: mbali yoyamba ndi ya malangizo, za ana amasiye, za miseche, za ukwati, mbali yachiwiri mawu amachepa, miyendo n'kuyamba kuyankha. Mnzanga uja amatha kukhala ola lathunthu akufotokoza za jazi ya ku New Orleans, imenenso inabadwa mwa anthu onyozeka. Vuto lake ndi sungura si makutu. Akuopa kuti anthu angamuganizire kuti kwawo n'kukomponi.

Msuweni wanga wa ku Lilongwe ndiye amandipweteka kwambiri, chifukwa ndi wathu. Zoona, Chichewa cha m'nyimbozi si cha m'buku la sukulu. Muli Chishona, muli katchulidwe ka kumafamu kumene Mchewa, Myao, Msena ndi Mnsenga ankagawana mpondamatiki umodzi ndi chilankhulo chimodzi. Koma ine monga womasulira ndikuti ichi n'chilankhulo chimene chapulumuka mibadwo itatu popanda mphunzitsi, popanda nyuzipepala, chikusungidwa ndi maliro, matchalitchi, mizikiti, Gule Wamkulu ndi magitala. Munthu amene wayenda ulendo wotere n'kufika ndi fumbi kumapazi sitimuseka, timamupatsa madzi. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndicho choyamba pamndandandawo. Papepala zili bwino. Koma ine sindinaphunzirepo Chichewa m'kalasi ngakhale tsiku limodzi. Kalembedwe ndinakatola m'Buku Lopatulika la pashelefu lija, kamvekedwe ndinakatola m'makaseti. Abale a ku Malawi, mukamaseka Chichewa chathu mukuseka ana a anthu amene ndalama zawo zinkalipira msonkho ndi fizi m'midzi yanu.

Watsala uja wa zamalonda. Iyeyu ndimuvomereza pang'ono. Gulu lija silingabwererenso lonse. System Tazvida anatisiya mu 1999, ndipo ena amene anadutsa m'gululi nawonso anatsogola. Madzi akatayika saoleka. N'zoonanso kuti okonza makonsati amadziwa kukama chikumbumtima cha anthu okalamba. Koma ngati oimba amene anasangalatsa dziko kwa zaka makumi ambiri apeza kangachepe pa usiku umodzi, cholakwika n'chiyani? Makaseti ndi ma CD awo ankakopedwa n'kumagulitsidwa m'misewu iwo osalandira kanthu, ndipo ife tomwe tinkagula. Amene akuti kubwererana n'kufuna ndalama ayambe wabweza zimene anamvera ulele.

Chimene ndikudikira si usiku woti gulu ili likatsika, ilo likwere, aliyense ndi nyimbo zake zatsopano. Ndikufuna amene atsala mwa anthu amene anaimbapo mu Khiama Boys aime pa siteji imodzi ngati gulu limodzi, aimbe nyimbo zakale zija monga zinalili, ndipo malo a amene anapita aimemo ana awo kapena ophunzira awo. Konsatiyo ichitikire kuno ku Chitungwiza, kumene oimba ambiri a sungura akhala ndi kuphunzitsana, osati kuhotela ya ku Harare kumene mlonda wa pageti amayang'ana nsapato. Aquatic Complex, imene inamangidwira masewera a All-Africa Games a 1995, ilipo ndipo magitala amenewa imawadziwa. Iyambe masana, kuti agogo a ku St Mary's ndi ku Zengeza athe kufika ndi kubwerera kusanade. Mtengo wolowera ukhale woti mayi wogulitsa tomato aukwanitse. Nyimbo za Chichewa zisakhale zokometsera kumapeto anthu atatopa. Ndipo zonsezo zijambulidwe, mawu a nyimbo alembedwe ndi kumasuliridwa. Ntchito imeneyi ine ndidzaigwira osalipidwa.

Kwa inu owerenga zilankhulo za mu Africa, pempho langa ndi ili. Timakonda kudandaula kuti zilankhulo zathu zilibe mabuku okwanira, kwinaku tikudutsa nkhokwe zodzaza chifukwa zili m'makaseti a anthu osauka. Mbiri ya matchona a ku Zimbabwe sinalembedwe mokwanira m'Chichewa, koma inaimbidwa. Amene angatiuze kuti nyimbo iyi inapekedwa liti, mawu awa ankatanthauza chiyani pafamu paja, akuchepa chaka ndi chaka. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Ife a ku Zengeza mwambi umenewu sutiseketsa.

Mwezi watha ndinatenga wailesi ya bambo kupita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni. Anaitembenuza kawiri, nati lamba wake ngwovuta kupeza, koma ayesa. Nditabwerera kunyumba amayi anaona pamalo pake pali mbee, nandifunsa kuti: "Mwananga, kodi alengeza?" Ndinawayankha kuti ayi amayi, sanalengeze. Anati basi, nsalu yawo ya tsikulo ili kale m'sutikesi, ndisadzaiwale kugula matikiti awiri.