Chipika Chikhale Chipika

Pamene mpikisano wothamangitsa akavalo m'thengo udalowa koyamba m'masewero a Olimpiki ku Stockholm m'chaka cha 1912, opikisanawo anali akuluakulu a asilikali okhaokha, ndipo chimene ankafuna kudziwa chinali chakuti kavalo wa kunkhondo, akakumana ndi mtengo wakugwa, ngalande kapena mpanda wa munda, adzalumpha kodi kapena adzakana. Chiyambi chimenechi tisachiiwale, pakuti munthu woona zotchinga zokongola za ku Badminton, kumene Duke wa ku Beaufort adayambitsa mpikisano mu 1949, angayese kuti masewerowa ndi a eni chuma okha, chonsecho gwero lake ndi chipika chogona pa udzu.

Chifukwa chake sindiona cholakwa mwa munthu amene, posowa ndalama, atola zipika, matayala akutha ndi migolo, nadzimangira zotchinga kuseri kwa khola. Ndipotu abale athu osamala akavalo m'makola a ku Johannesburg nthawi zina ndiwo amatumidwa ntchito yotereyi. Chimene ndikana ine ndicho kuumira pamene sipayenera kuumira.

M'bwalo la mchenga lolumphiramo akavalo mitengo imangosanjikidwa, kotero kuti kavalo akaikhudza imagwa yokha. Koma m'thengo chotchinga chimakhala chosasunthika, ndipo kavalo, amene Mlengi sadam'mane nzeru, amachilemekeza nakweza miyendo. Choopsa koposa ndicho chapakatikati: mgolo wopanda kanthu, wooneka wolimba, umene ukagundidwa umagubuduzika n'kulowa pakati pa miyendo ya nyama isanatere, kapena bokosi la matabwa losakhomeredwa pansi, limene limadzuka n'kumtchera kavalo ndale. Pakuti kavalo akagunda ndi miyendo yakutsogolo kumtunda kwa mawondo, thupi lake lonse, lolemera ngati matumba khumi a chimanga, limatembenuzika chadodolido n'kupsinja wokwerayo. M'chaka cha 1999 okwera asanu adamwalira ku Britain, ambiri a iwo m'kugwa kwa mtundu umenewu, ndipo m'chisoni chimenecho mudachokera zitsulo zothyoka dala, zimene zidayamba kuikidwa mu 2002, kuti mtengo wapamwamba uzigwa pamene kavalo waugunda mwamphamvu.

Mmisiri wa kuseri kwa khola zitsulo zoterezi alibe, ndiye chitetezo chake chili m'kufupika, m'kulemera ndi m'kusalala. Chipika chikhale chonenepa, chosadzulidwa nthambi mpaka dzanja liziyenda osakodwa, ndipo chipanidwe ndi zikhomo uku ndi uku. Matayala alowetsedwe pa mtengo mothinana ngati mikanda pa ulusi, pasatsale mpata wolowa chiboda. Ndipo pa chifukwa chomwechi matabwa a mapaleti, amene ambiri amawakonda poti ndi aulere, ndimawakayikira, pakuti mipata yake ndi misampha ndipo misomali yake imabisala. Patsinde, kumbali kumene kavalo akuchokera, pagonekedwe mtengo wina woti aziyesera pomwe anyamukire. Ukagona kumbuyo kokha, umam'nyenga nafika pafupi kwambiri. Za kutalika ndinena mwachidule: akatswiri a dziko lonse salumpha cholimba choposa mamita 1.20, tsono wophunzira ayambire pa theka lake, kuthamanga sikufika.

Palinso mdani wogwira ntchito mwakachetechete, ndiye chiswe, chimene chimadya nsichi m'kati n'kusiya khungu lokha. Dzinja likapita, mwini ayende wapansi, akankhe chotchinga chilichonse ndi phazi, agogode nsichi kuti amve ngati ikulira mphako, ndipo aponde nthaka ponyamukira ndi poterera, pofunafuna miyala ndi mauna amene udzu wautali waphimba.