Kodi Malamulo Amaona Vitumbuwa Cabe?

Nimaphunzitsa pa sukulu ina m'komboni muno mu Lusaka. Buleki ikatha, bwalo limadzala na mapepala a maswiti, tumapaketi twa machipisi na mabotolo a zakumwa zozizila. Ana amabwelela m'kalasi malilime ali ofiila, zala zili zacikasu. Ambili a iwo, cimeneco ndiye cakudya cawo coyamba pa tsikulo.

Tsiku lina a khansulu anabwela pa geti. Amayi amene amagulitsa vitumbuwa na mbalala anawalanda beseni n'kuwathamangitsa. Kantemba ka pafupi, kodzala na zotsekemela za m'mafakitale, sanakayang'ane n'komwe. Ninafunsa mmodzi wa iwo cifukwa cake. Anati: "Aphunzitsi, izo n'zomata bwino, zili na cidindo."

Apa m'pamene pagona nkhani. Cidindo cimatiuza kuti mwana sadzatsegula m'mimba maŵa. Sicikamba kanthu za mano ake, kapena za matenda a shuga na BP amene adzamupeza akadzakula. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asamapitilile magalamu pafupifupi 50 a shuga pa tsiku. Botolo limodzi la 500 ml la zakumwa zina zozizila limafika kale pamenepo, ndipo timalipatsa mwana wa Giledi 3.

Wina asaniuze kuti boma lilibe mphamvu. Mu 2012 linaletsa tujilijili. Kolela itabuka, mu January 2018 asilikali anacotsa ogulitsa m'misewu ya Lusaka, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Kuyambila mu 1998, lamulo limakakamiza makampani kuika vitamini A mu shuga wa pa nyumba. Likafuna, boma limacita.

Nanga pa zakumwa zotsekemela linacita ciani? Mu 2019 linaika msonkho wa 30 ngwee pa lita. Ndiye kuti 15 ngwee pa botolo la 500 ml! Ni mwana uti amene anasiya kugula cifukwa ca 15 ngwee? Olo kuti msonkhowo anaukwezako pambuyo pake, colinga cake cioneka kuti ni kudzaza thumba la boma. Mu 2016, WHO inakamba kuti mtengo uyenela kukwela na 20 pelesenti kuti anthu acepetse kumwa.

Nidziŵa zimene ena adzayankha: mafakitale amalemba anthu nchito, ndipo kholo ndiye liyenela kusankhila mwana. N'zoona, ndipo inenso nili na abululu amene amadyela kumeneko. Koma kholo lisankha bwanji ngati kuculuka kwa shuga kwalembedwa m'Cizungu, m'tumalemba tofuna magalasi? Ku Chile, kuyambila mu 2016, cakudya ca shuga, mcele kapena mafuta ambili cimakhala na cizindikilo cakuda kutsogolo kwa paketi, ndipo siciloledwa kugulitsidwa m'masukulu. Kumeneko mafakitale akali kugwila nchito.

Inu a Unduna wa Zaumoyo, a Unduna wa Zamaphunzilo na a ZCSA, ikani cenjezo pa paketi limene ambuya osadziŵa Cizungu angamve. Cotsani zakumwa za shuga m'matakishopu a masukulu. Amayi a vitumbuwa apatseni malo aukhondo na madzi, ndipo muwalimbikitse kugulitsanso tute, kandolo na nthoci. Kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo ana amene nimaphunzitsa akali aang'ono.