Nanga amene asambitsa ambuya, timutumizira zingati?

Mwezi ukatha ndimatsika minibasi pa Kulima Tower, n'kuima pa kabuthi ka Airtel Money, n'kutumiza K500 ku Chadiza. Foni ikalira kuti ndalama yapita, mtima umakhala pansi, ndimadziona ngati mdzukulu wabwino. Ndipo sindili ndekha. Tcherani khutu mu basi pa 30, mudzamva wina kumbuyo akukuwa: "Mwailandira? Mugulireko ambuya shuga na sopo."

Mu Ogasiti ndinapita kumudzi. Basi ya mbandakucha pa Intercity, makilomita opitirira 500 pa Great East Road kufika ku Chipata, ndiye kusaka galimoto ina ya ku Chadiza. Ambuya, amene anandilera amayi atamwalira, anagwidwa ndi sitiroko chaka chatha, dzanja ndi mwendo wa kumanja sizigwira ntchito. Amene akhala nawo ndi amama aang'ono. Ndinakhalako masiku asanu, ndipo ndinaona zimene K500 yanga siichita.

Amama aang'ono amadzuka tambala woyamba. Zofunda zanyowa usiku, ndiye kuzichapa. Madzi ali kuchitsime, maulendo atatu ndowa pamutu. Kuwotha madzi, kusambitsa ambuya, kuwaveka, kuwamwetsa phala pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Kuchimbudzi amachita kuwanyamula. Usiku amadzukanso kawiri kukawatembenuza, chifukwa munthu wogonera mbali imodzi amatuluka zilonda pamsana ndi m'chiuno. Tsiku la kukiliniki, ndi kupempha ngolo ya ng'ombe kwa eni ake. Munda wa chimanga analima theka chabe, nshawa zinamira mu udzu, malonda a zitumbuwa anaima kalekale. Iwonso ali ndi BP, koma za iwo palibe amafunsa pafoni.

Nditawauza kuti ndidzayesa kuwonjezako ndalama ya ambuya, anaseka. "Iwe mwana, ndalama yako siitembenuza ambuya ako usiku."

Kwathu kwa Achewa mtundu umatsata mayi. Ana aakazi ndiwo mbumba, amakhala pamudzi wa amayi awo, ndipo amalume ndiwo oyang'anira. Mwambowo unali bwino pamene pamudzi panali ana aakazi anayi kapena asanu opokezana ntchito. Manje ambiri tili ku Lusaka, ku Chipata, ku Copperbelt. Amalume aweruza pafoni, ife titumiza, ndipo mkazi mmodzi amene sanachoke ndiye wasenza zonse. Nthawi zambiri ndi uja amene sukulu inamukanika kapena ukwati unatha, ndiye timati "alibe chochita."

Ena mudzati, bwanji osawatenga ambuya kubwera nawo kuno? Ndinaganizapo. Ndimakhala m'zipinda ziwiri za lendi mu komboni, chimbudzi ndi cha mabanja anayi. Ndimachoka kusanache, kubwera kutada. Kuwabweretsa ndi kuwakhomera m'nyumba okha tsiku lonse, kutali ndi anzawo a kutchalitchi ndi manda a amuna awo. Nyumba zosungira okalamba monga Matero After Care Centre kapena Maramba ku Livingstone n'zochepa, ndipo ambuya si munthu wopanda abale.

Boma lili ndi Social Cash Transfer, imene inayambira ku Kalomo mu 2003. Ku Katete, pafupi ndi kwathu, mu 2007 anayesako kupatsa ndalama aliyense wa zaka 60 kupita kumwamba. Lero banja lokhala ndi nkhalamba ya zaka 65 likhoza kulembedwa, ndipo mu 2022 ndalamayo inafika K200 pamwezi. Imathandiza, sindikana, makamaka pa chilala cha 2024 pamene thumba la unga la 25kg linapitirira K300. Koma imawerenga wodwala. Wodwazika sawerengedwa, ndi boma kapena ndi ife.

Ndiye adzukulu anayi tinapangana zitatu. Ndalama ya ambuya ipitirire. Ina, yapadera, izipita pa nambala ya amama aang'ono, ikhale yawo, osafunsa kuti mwagulira chiyani. Ndipo nthawi yopalira tisonkhe ya aganyu, aliyense apitekonso sabata imodzi pachaka kuti iwo agoneko tulo.

Akulu anga anakana poyamba. Ati kulipira munthu posamala amayi ake omubereka ndi chizungu. Ndinawafunsa kuti mtsikana wantchito amene awalerera mwana ku Chelstone amamulipira kapena ayi. Ati zimenezo n'zina. Inde n'zina, chifukwa mtsikanayo amaweruka madzulo, Sande amapumula, ndipo akatopa amasiya ntchito. Amama aang'ono sangasiye. Chikondi chawo sitikuchigula, tikubweza chimanga ndi nshawa zimene sanakolole kuti ife tikhale pa ntchito zathu kuno.

Sabata yanga ndi ya mu Disembala. Ine mwamuna sindingawasambitse ambuya, mwambo sulola ndipo iwo sangavomere. Koma chitsime ndichidziwa, zofunda ndikhoza kuchapa, khasu ndinagwirapo. Tchuthi sindinapemphe kuntchito mpaka lero, ndipo ya basi kupita ndi kubwera iposa K500 ija imene ndimanyadira.