Mwana adziwe mbalame za kudambo

Mvula ikagwa, madambo a ku Molumbo amadzaza madzi. Udzu umamera. Acule amalira. Mbalame za m'madzi zimabwera kudzadya ndi kudzaikira mazira. Ana ena akaziona amathamangira legeni. Ena amalowa m'bango kukafuna zisa. Koma mwana ayenera kuyamba wadziwa mbalame ndi dzina lake asanaphunzire kuponya mwala.

Kudziwa mbalame sikulira ndalama. Kumafuna maso, makutu ndi mtima wofatsa. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena madzulo. Mwana apite ndi munthu wamkulu. Akhale pamtunda pouma, asalowe m'madzi, cifukwa madzi oima amapatsa likodzo. Asafuule, asathamange. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akakhala pansi, adzifunse mafunso anayi. Kodi mbalameyi ndi yaikulu kuposa nkhuku? Kodi nthenga zake ndi zotani? Kodi mlomo ndi miyendo yake ndi zotani? Kodi ikulira bwanji?

Bakha wakuchire ali ndi mlomo waphanthiphanthi. Pakati pa zala zake pali cikopa, ndiye amasambira bwino. Pali bakha wina wa nkhope yoyera ndi khosi lalitali. Iye amayenda ndi anzake ambiri. Akamauluka amaimba mluzu katatu. Nthawi zambiri amadya usiku, ndipo mwana akhoza kumumva ali cigonere pamphasa.

Tsekwe ndi wamkulu kuposa bakha. Tsekwe wamkulu wa kuno ndi wakuda kumsana, woyera kumimba, ndipo mlomo wake ndi wofiira. Paphiko lake pali cinthu conga munga comenyera nkhondo. Mu Africa yense mulibe bakha kapena tsekwe womposa kukula.

Kakowa ndi woyera mbee. Sasambira ngati bakha. Amayenda ndi miyendo yake yaitali. Kakowa wina amatsata ng'ombe ndi kudya ziwala zimene zikudumpha muudzu.

Nanchengwa ndi wakhofi, ndipo mutu wake uli ngati nyundo. Amadya acule ndi tinsomba. Cisa cake ndi cacikulu kwambiri, ca timitengo, pamphanda ya mtengo.

Nkhwazi ili ndi mutu woyera ndi cifuwa coyera. Imakhala pamwamba pa mtengo, m'mbali mwa madzi aakulu. Ikamalira imaponya mutu kumbuyo.

Kusukulu mwana amaphunziranso maina a Cipwitikizi. Bakha ndi pato. Tsekwe ndi ganso. Kakowa ndi garça. Mwana amene waona mbalameyo ndi maso ake saiwala dzina lake, m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi momwe. Apa agogo ndiwo aphunzitsi oyamba. Iwo amadziwa maina ena ambiri amene sali m'buku lino.

Makolo ena anganene kuti: "Mbalame ndi ndiwo. Kodi mwana adzakhuta ndi kuyang'ana?" Mau amenewa ali ndi nzeru. Ndiwo zimasowa, makamaka miyezi ya njala. Atsekwe ndi abakha amadyanso mpunga m'munda, ndipo mlimi ayenera kuwapirikitsa. Koma miyezi ya mvula ndiyo nthawi imene mbalame zambiri zimafungatira mazira. Wotenga mazira onse m'cisa ali ngati mlimi wokazinga mbeu yake. Lero akhuta, caka camawa alibe codzala. Wopha make pacisa waphanso anapiye onse.

Kumadzulo kwa Molumbo, kumalire a Moçambique ndi Malawi, kuli nyanja ya Chilwa. Nyanjayi si yakuya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. M'mabango ake mumakhala mbalame zambirimbiri. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Madzi akaphwa nsomba zimasowa. Pamenepo anthu ambiri amatembenukira ku mbalame ndi misampha. Ngati mbalamezo zinatha kale, banja lidzathawira kuti? Mbalame yosiyidwa pacisa ili ngati cimanga cosungidwa m'nkhokwe.

Kodi mbalame zingathedi? Inde, zingathe. Kutali, ku North America, kuli mbalame ina yonga tsekwe, koma yaikulu koposa. M'Cipwitikizi mtundu wake ndi cisne. Ndi yoyera thupi lonse, mlomo wake ndi wakuda, ndipo imalira ngati lipenga. Ikatambasula mapiko imapitirira mamita 2. Anthu anaipha kwa zaka zambiri pofuna nyama ndi nthenga zake. Ca m'ma 1933, zimene anthu ankazidziwa m'dziko la United States sizinafike 70. Mu 1935 boma linapatula dambo la Red Rock Lakes kuti mbalamezi ziswane mwamtendere. Pambuyo pake zina zinapezeka ku Alaska. Anthu analeka kuzipha. Anayamba kuziyang'ana ndi kuziwerenga. Powerenga mu 2015 anapeza zoposa 63,000 ku North America.

Mbalame ija inapulumuka cifukwa panali anthu oidziwa ndi oiwerenga. Munthu wosadziwa bakha sangazindikire kuti abakha acepa. Ndiye cifukwa cake mwana wa kalasi yoyamba ali ndi nchito yake. Iye amadziwa kuwerenga kufika 10 kapena 20. Awerenge akakowa padambo. Ajambule tsekwe m'kope lake, kapena pamcenga ndi cala. Akapeza cisa, ayang'ane ali patali, ndipo acoke mwakacetecete. Atate ndi amai nawonso agwirizane ndi amfumu kuti nthawi ya mazira misampha ipumule.

Mafunso a kunyumba

1. Ndi mbalame iti imene imaimba mluzu usiku?
2. Kodi mutu wa nanchengwa uli ngati ciyani?
3. Kodi agogo amadziwa maina angati a mbalame za kudambo?